Chilimwe Chimene Ndinakwera pa Linga

Mpaka lero ndikamva fungo la tchire lopsa, miyendo yanga imafuna kunyamuka. Si fungo la moto wa m'khitchini ayi. Ndi lija la phiri limene lapsa dzana, phulusa la udzu losakanikirana ndi kutentha kwa miyala, lolowa m'mphuno n'kukhazikika kukhosi. Ndi fungo la chilimwe chimene tinachoka ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kupita kwawo kwa amayi ku Kasenengwa, atate atamwalira. Ine ndinali mu giredi faifi, ndipo mlongo wanga Yotamu anali asanayambe sukulu. Tinayenda pa lole yonyamula thonje, titakhala pamwamba pa matiresi athu. Titatsika, chinthu choyamba chimene ndinaona chinali phiri lakuda bii kuseri kwa mudzi, utsi ukadali kufuka m'ming'alu yake.

Ku Kapata ndinazolowera phokoso. Mbandakucha kunkamveka kuitana kwa ku mzikiti, kenaka mabelu a njinga, mawailesi a m'mashopu, azimayi okangana pampopi, ndi chigayo chimene chinkalira mpaka madzulo. Kumudzi kunali nyenje basi. Zinkayamba dzuwa likangokwera, n'kumalira osapuma mpaka m'mutu kumachita waa. Ine sindinkatha kukhala pansi. Ndinkati ndakhala pakhonde, ndanyamuka; ndafika kukhola la mbuzi, ndabwerera; ndatenga lichero, ndaiwala chimene ndalitengera. Akazi a amalume anandiyang'ana masiku oyambawo n'kugamula mlandu wanga mwachidule: “Mwana uyu anadya matako a galu.” Sindinakane, poti miyendo yangayi inkanditopetsa ndi ine yemwe.

Tinapatsidwa nyumba ya malemu agogo, imene inali yotseka chimwalirire iwo. Inkanunkha chiswe ndi mkodzo wa makoswe, ndipo denga lake linali ndi mabowo amene ankagwetsa timadontho ta dzuwa pansi. Amayi anazira pansi ndi dothi lakuda, anapachika kalendala yathu ya ku tauni, basi nyumba yatheka. Tsitsi lawo linali lisanamere bwino chiwametere pamaliro, ndipo duku lakuda sankalivula. Ankadzukira kumunda kukasosa, n'kubwera nkhope ili mbuu ndi phulusa, osayankhula zambiri. Yotamu yekha ndiye anaukonda mudziwo tsiku lomwelo. Ankathamangitsa anapiye, ankatsatira anyamata okumba mbewa, ndipo pogona ankagwira khutu langa ndi tizala take tonunkha mango aawisi mpaka tulo titamutenga.

Nkhani ndinaimvera kuchitsime, kumene nkhani zonse zosayenera ana zimamvekera. Mayi wina amene ankatsuka ndowa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa mnzake, osati ine: “Ndiwo ana a Angoni aja? Nanga eni ake abwera liti?” Mnzakeyo anayankha kuti akumva kuti mvula isanagwe. Ndinaima ndi chingwe m'manja mpaka ndinamvetsa zonse. Atate anali Mngoni wa kufupi ndi Mtenguleni, ndipo pokwatira amayi anapereka ng'ombe za malowolo. Kwa Achewa, kwawo kwa amayi, ana ndi a kuchikazi, mbumba ya malume wawo. Kwa Angoni, ng'ombe zikalowa m'khola la akuchikazi, ana ndi a kuchimuna. Pamaliro paja mng'ono wa atate, atate aang'ono a Gibisoni, ananena poyera kuti adzabwera kudzatitenga, ine ndi Yotamu, nthawi yodzala isanakwane. “Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima,” anatero mayi uja pondisenzetsa ndowa, ngati wandichitira chifundo.

Nditawafunsa amayi, anandipatsa tsache kuti ndikasese kuseri. Choncho ndinapita kwa amalume a Lazaro, mlongo wawo wa amayi, munthu amene sankasowa yankho ngakhale pa funso limene sanafunsidwe. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo poyankhula manja awo ankauluka ngati akuingitsa nkhuku pa ufa. Ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. “Abwere aone!” anatero, akugwedeza kasemasema. “Muno si mwa Angoni muno. Inu ndinu mbumba yanga. Ndipo umve, Esinati, ana a mimba imodzi sagawidwa ngati anapiye. Wotenga atenge onse, wosiya asiye onse. Umenewo ndiye mwambo, kaya kwa Achewa kaya kwa Angoni.” Mawu amenewo ndinawameza osatafuna. Ndinali ndisanadziwe kuti amalume anali olimba mtima kwambiri pamene mdani ali kutali.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadana ndi mitambo. Mudzi wonse unkayang'ana kumwamba ndi chiyembekezo, akulu akununkhiza mphepo ndi kukangana za mbewu, koma ine kamtambo kalikonse kankandiopsa, chifukwa mvula kuyandikira ndiye kuti a Gibisoni ayandikiranso. Belu la njinga likalira kumsewu ndinkathamangira kuseri kwa nkhokwe. Fumbi likakwera kutali ndinkamufunafuna Yotamu, n'kumukoka dzanja popanda kumuuza chifukwa. Kusukulu ya kumudziko, kumene tinkakhala pa njerwa, ndinasankha malo a pafupi ndi zenera kuti ndiziona njira, ndipo aphunzitsi anatopa ndi kunditchula dzina.

Paphiri ndinakwera koyamba ndi Ailesi, mwana wa amalume, tikukatola nkhuni. Anthu ankangolitcha kuti Linga, phiri lonse, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi dzina chabe. Njira inkayambira kuseri kwa manda, n'kudutsa m'misuku imene zipatso zake zinali zikadali zolimba, kenaka n'kusanduka matanthwe okhaokha. Moto unali utadutsa, ndiye phazi lililonse linkadzutsa kafumbi kakuda, ndipo ziputu za udzu zinkabaya m'mbali mwa patapata. Mbira zinkatiyang'ana zili pamiyala, zonenepa, zopanda ulemu. Ailesi atamanga mtolo wake anati tibwerere. Ine ndinaona kuti pamwamba pali chinthu chowongoka kuposa mmene phiri limawongokera lokha, ndipo ndinapitirira osamuyembekeza. Ananditsatira akung'ung'udza, poopa kukafotokoza kunyumba kuti mwana wa m'tauni wamutaya kuti.

Unali mpanda wa miyala. Miyala yosanja popanda dothi, yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba, yozungulira nsonga yonse ya phiri. Pena unali utagwa n'kutsala mulu chabe, pena unkandifika m'chifuwa, pena unkaposa munthu wamkulu. Khomo lake linali lopapatiza, loti munthu alowe chammbali, mmodzimmodzi. Mkati munali bata la mtundu wina, ngati m'tchalitchi anthu atatuluka. Munali timabwalo tozungulira pamene panali nyumba kale, mapale a miphika ali mbwee m'phulusa, ndi mphero imene pakati pake panakumbika ndi manja a anthu amene palibe akuwadziwa mayina. Mkuyu unamera pakati pa mpandawo n'kuukankha ndi mizu yake, ndipo gulo wa mutu wobiriwira ankagwedezera mutu pamwamba pake. Ailesi anayamba kunong'ona. Anati muno saimba mluzu, satenga kanthu, ndipo saloza ndi chala.

Koma ine chimene chinandigwira chinali kuona. Kuchokera pampandapo dziko lonse linali pansi pa mapazi anga. Midzi inazungulira tsinde la phiri, uliwonse utakakamira pa kachitunda kake: wathu wa mitengo ya mango, wina wa tchalitchi cha malata amene ankathwanima mpaka kuwawa m'maso, wina wa zigafa za fodya, wina wa kuseri umene ndinali ndisanaumvepo n'komwe. Njira zonse zinkaoneka, zofiira, ndi aliyense woyendamo. Kutali kunali mapiri a ku Chipata, otuwa ndi utsi, ndipo ndinayesa kupeza denga lathu la ku Kapata ngati kuti n'zotheka. Ailesi analoza ndi mlomo mbali ina, kuchigwa kumene kunali ng'ombe zambiri. “Kwanu ndi uko,” anatero. Ndinamuuza kuti akabwerezanso ndimukankhira pansi.

Madzulo ake ndinawafunsa amalume za mpandawo, ndipo ndinawapatsa chimene ankachikonda. Anati linga lija anamanga ndi makolo athu pamene Angoni anafika ndi zishango zawo. Ng'oma ikalira, midzi yonse ya m'tsinde inkakwera, ana kumsana, mbuzi patsogolo, n'kutseka khomo ndi mwala. Adani akayesa kukwera ankagubuduziridwa matanthwe. “Mngoni ndi munthu wa kuchigwa,” anatero amalume akudziguguda pachifuwa. “Phiri lija sanalipondepo, ndipo sadzalipondapo.” Akazi awo, amene ankasinja chapafupi, anaponyapo mawu osaleka kusinja: “Muwauzenso kuti anatsika okha, ludzu litawakwana.” Amalume anati munthu wosinja azisinja. Ndinafunsa kuti nanga ine, wa atate Mngoni ndi amayi Mchewa, ndikanakhala mbali iti ya mpanda. Anaseka mpaka kutsokomola. “Iwe ukanadzigenda wekha,” anatero.

Za ludzuzo ndinazimva, koma ndinasankha zimene ndinkafuna: Mngoni sakwera pa Linga. Ndinayamba kukwera ndekha, pochokera kusukulu, ndikunama kuti ndikukatola nkhuni. Ndinabisa chigubu cha madzi pansi pa mizu ya mkuyu, ndi mtedza umene ndinkatapa pang'onopang'ono m'thumba la akazi a amalume. Ndinkanyamula miyala yakugwa n'kuibwezera pampanda pafupi ndi khomo, mpaka zikhadabo zinathyoka. Ndinkagwira ntchitoyo mothamanga, ndikucheukira kunjira, ngati munthu wofolera nyumba mvula itayamba kale kudontha. Ndinali ndi mantha ndithu ndi eni ake a mapale aja, koma ndinkadziuza kuti ngati alipo anthu omvetsa vuto langa, ndi iwowo.

Vuto linali Yotamu. Tsiku lina ndinamunyengerera ndi mtedza kuti tikaone mbira. Anayenda bwino mpaka m'misuku, koma titafika pa matanthwe mapazi anayamba kupsa, ndipo anakhala pansi n'kutsegula kukamwa. Ndinamubereka, tinaterereka tonse awiri, ndipo iye anang'ambika chigongono. Ndinatsika naye kumsana akulira m'khutu mwanga, ine ndikuliranso ndi ukali. Pamenepo ndi pamene nzeru ina inandifikira, ndipo ndinaiona ngati nzeru yoposa za akulu onse a m'mudzimo. Sikunali kofunika kubisa ana awiri. Amalume anati ana sagawidwa, wotenga atenge onse. Ndiye mmodzi akasowa, a Gibisoni adzabwerera chimanjamanja, mvula idzagwa, mitsinje idzadzaza, ndipo nkhani idzagona mpaka chaka chamawa. Chaka chamawa kwa ine chinali kutali ngati ukalamba.

Kutentha kunakula. Chitsime chinayamba kutulutsa madzi amatope, ndipo agalu ankagona m'mithunzi malilime ali panja. Ndinaona kuti amayi ayamba kusoka. Anasoka makabudula a Yotamu, anafutukula mpendero wa diresi langa lofiira la kutchalitchi, anachapa bulangete lathu n'kuliyanika pa mpanda wa bafa. Tsiku lina anapita ku Chipata ndi nkhuku ziwiri n'kubwera ndi patapata watsopano wa ife tonse. Zimenezi zinandipsetsa mtima koposa a Gibisoni amene. “Amama, mukutikonzera ulendo?” ndinafunsa. Sanadzutse mutu. “Chong'ambika chimasokedwa,” anatero, n'kudula ulusi ndi mano. Madzulo amenewo kum'mawa kunagunda koyamba, chapansipansi, ndipo mudzi wonse unakondwa kupatula nyumba yathu.

Uthenga unabwera ndi munthu wa panjinga kuti alendo afika Loweruka. M'mawa mwake amayi anatisambitsa tonse awiri, ngakhale ine ndinali wamkulu woti n'kusamba ndekha. Anatidzoza vaselini mpaka nkhope kunyezimira, anandiveka diresi lofiira lija, ndipo anandipesa tsitsi pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Kenaka anandituma kukabwereka mipando kwa oyandikana nawo. Ndisanapite ndinamukokera Yotamu kuseri kwa nkhokwe. Anali ataima mowongoka, akuopa kudetsa malaya, akuyang'ana patapata wake. “Usaope,” ndinamuuza. “Sapita nawe. Ine ndakonza zonse.” Anagwedeza mutu, chifukwa chilichonse chimene ndinkanena iye ankachikhulupirira. Ndinadutsa nyumba ya mipando ija osaima, ndinazungulira manda, ndipo ndinakwera phiri mofulumira kuposa tsiku lina lililonse.

Ndili pamwamba ndinaiona ngolo ikadali kutali, kadontho kokoka fumbi pa njira yochokera kuchigwa. Inawoloka mlatho, inadutsa mudzi wa tchalitchi, n'kudzaima pabwalo pathu. Munatsika anthu atatu. Ng'ombe zinamasulidwa, mphasa zinayalidwa pansi pa mango, ndipo anthu anakhala. Ndinkaona zonse koma osamva kanthu, nyenje zokha. Ndinayang'anitsitsa amalume, ndikudikira kuti manja aja ayambe kuuluka, koma anakhala pa maondo awo ngati omangidwa. Ndinadikiranso kuti wina aime n'kuyamba kuitana dzina langa, kuti anyamata atumidwe kuchitsime ndi kumunda. Ndinali nditakonzeka kugona m'phulusa kuseri kwa mphero. Palibe anaitana. Kunena zoona, zimenezi zinandinyansa pang'ono, chifukwa munthu ukabisala umafuna akufunefune.

Dzuwa linafika paliwombo. Ndinaona ana akuthamangitsa nkhuku, kenaka utsi ukukwera kukhitchini, ndipo ndinadziwa kuti alendo akudyetsedwa bwino pamene ine ndikutafuna mtedza wouma. Madzi a m'chigubu anali otentha ngati tiyi, koma ndinawamaliza. Sindinathe kukhala malo amodzi. Ndinkazungulira mpanda wonse, kubwerera pakhomo, kukhala pansi pa mkuyu, kunyamukanso. Pofuna kuona bwino ndinakwera pamwamba pa mpanda penipeni n'kuima pamenepo, mphepo yotentha ikukupiza diresi. Kum'mawa mitambo inali kuunjikana, yakuda kunsi. Milomo inauma, mutu unayamba kugunda, ndipo ndinakumbukira mawu a akazi a amalume aja. Komabe ndinalimba, ndikudziuza kuti nthawi iliyonse imene ikudutsa ndi ine amene ndikupambana.

Dzuwa litapendeka ndinaona ng'ombe zikumangidwanso pa goli. Ndinavina, ine, pamwamba pa mpanda wa makolo, ndikuimba mluzu umene Ailesi analetsa. Alendo anaimirira, anagwirana chanza ndi amalume, mmodzi anakwera. Kenaka amayi anatuluka m'nyumba atasenza kamtolo ka bulangete, ndipo kudzanja lawo kunali kamunthu kakang'ono koyenda mowongoka. Poyamba ndinaganiza kuti akukaperekeza. Ndiye ndinaona mwamuna mmodzi akuwerama, akumunyamula Yotamu m'khwapa, n'kumukhazika m'ngolo. Mtolo unatsatira. Ndinakuwa. Ndinakuwa kuti ana sagawidwa, ndinakuwa dzina lake, koma mawu anga anangothera m'matanthwe momwemo. Ngolo inatembenuka, ndipo amayi anatsala ataima pabwalo manja ali m'mbali.

Mmene ndinatsikira sindikumbuka bwino. Ndikumbuka kuti pakhomo lopapatiza lija miyala imene ndinasanja ndekha inandigwera paphazi, kuti patapata mmodzi anatsala m'ming'alu, kuti ndinatsetsereka ndi maondo pa thanthwe lotentha n'kudzuka osamva kuwawa. Phiri limene ndinkalikwera mosavuta tsiku limenelo linatalika. Pofika kumsewu ndinapeza mikwasa ya matayala ndi ndowe zikadali zofunda. Ndinathamangabe mpaka pa mlatho, kumene mpweya unandithera, ndipo ndinakhala pansi m'fumbi. Mayi wina wa mudzi wa tchalitchi, amene sindinkamudziwa, anandimwetsa madzi a m'ndowa yake n'kundiperekeza mpaka m'malire a mudzi wathu, osandifunsa kanthu.

Amayi ndinawapeza pakhonde. Anayang'ana maondo anga, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi madzi amchere m'kambale. Sanandimenye, sanafunse kumene ndinali, ndipo za mipando sanazitchule. Ine ndinali ndi mawu okonzeka, ndipo ndinawalavula onse. Ndinati amupereka Yotamu ngati nkhuku, ndinati sanalire n'komwe, ndinati atate akanakhalapo sakanalola. “Tambasula mwendo,” anatero, n'kupitiriza kutsuka. Amalume ndinawapeza m'mawa mwake kukhola, ndipo ndinawabwezera mawu awo momwe anandipatsira. Anakanda m'mutu nthawi yaitali, akuyang'ana ng'ombe zawo ziwiri zolimira. “Esinati,” anatero motsitsa, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo, “izi ukuzionazi ndi ana a ng'ombe zija. Munthu wadya, ayankhula chiyani?”

Mvula inagwa patapita masiku ochepa, ya mphepo, n'kulowa m'mabowo onse a denga lathu. Phiri linayamba kubiriwira, fungo la lupsa linatha, ndipo ine sindinakwereko chaka chimenecho. Pogona ndinkadzigwira khutu ndekha. Yotamu ndinakamuona nthawi ya Ncwala, mwambo wa Angoni wolawa zakumunda zatsopano, amayi atanditenga kupita ku Mtenguleni chimanga chili chachiwisi. Anali atanenepa, atavala kachikopa m'chiuno ngati anyamata anzake, ndipo ankayankhula kale ngati iwo, “lomba” paliponse m'malo mwa “tsopano”. Ankasamalidwa bwino, zimenezo sindingawanamizire. Anandichitira manyazi poyamba, kenaka anadzakhala pafupi nane n'kundipatsa nzimbe yake. Titatafuna kwa kanthawi anandiyang'ana, osakwiya, akungofuna kudziwa. “Sisi, paja unati wakonza?”

Ndinakulira kwa amayi, ndipo Yotamu anakulira kwa atate aang'ono. Tinkaonana pa tchuthi ndi pa maliro, ndipo lero ana ake amagona kwathu ku Chipata akamabwera kusukulu. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira zinthu ziwiri, zonse ndi mtima wonse: kuti linga lija linandibisa monga linkabisira makolo, ndi kuti amayi anali ouma mtima. Amayi anamwalira nkhani ya tsiku lija tisanaikambepo. Amene anaitsegula ndi a Gibisoni, atakalamba, pamene anadzagona kwathu akudikira kuonetsa maso kuchipatala. Tikumwa tiyi pakhonde ndinawaseka kuti paja phiri la Achewa linawagonjetsa. Anaika kapu pansi n'kuseka mpaka misozi.

“Mwana wangu,” anatero, “diresi lofiira pa phiri lopsa? Tinakuona tikali pa mlatho.” Anati atafika pabwalo, amayi anakoka mphasa n'kuziyala moti alendo onse akhale atafulatira phiri. A Gibisoni atafunsa za ine, amayi anayankha kuti ndapita ku Kapata kwa azakhali, ndipo iwo anavomera kuti ehe, ku Kapata. Anzawo awiri aja anawayang'ana, koma iwo ndiwo anali otsogolera ulendo, ndipo tsiku lonse palibe anacheuka. Kwawo anakadzudzulidwa ndi akulu chifukwa chobwera ndi mwana mmodzi. “Nyumba ya mulamu wangu ikanatsala na nani?” anatero. Ndinafunsa kuti nanga ndikanatsika msanga akanatani. Analeka kuseka. “Ukanafika pabwalo paja, nikanakutenga. Pamaso pa anthu sembe nalephera kukana. Ndiye amai ako anali kungopempha mumtima kuti madzi asakuthere.”

Mwana uja wa pa mpanda ankaona zonse, njira ndi midzi ndi ngolo, ndipo ankayesa kuti iye yekha ndiye akumenya nkhondo tsiku limenelo. Chimene sanaone ndi chakuti pabwalo ponse paja munthu mmodzi yekha ndiye anakhala moyang'anana ndi phiri. Amayi anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwana amene akupita ali pamiyendo, mwana amene angatsale akuyendayenda pamwamba pa miyala atavala zofiira, ndipo sakanatha kulira kapena kukweza maso nthawi yaitali, kuopa kuti alendo angakakamizike kucheuka. Ine ndinatsika n'kuwauza kuti sanalire n'komwe. Iwo ananditsuka maondo.